Gotenberg pa ntchito yoika masamba opanda kanthu mu PDF: imalumikiza bwino, koma kuwerenga n'kwanu

Aliyense amene amasindikizira anthu timabuku mu Harare muno amalidziwa vuto la masamba osakwanira. Pulogalamu ya maliro yochokera ku Mufakose imabwera ndi masamba 6, ndondomeko ya msonkhano wa amayi a mpingo ku Mbare imabwera ndi 10, pomwe kabuku kopinda pakati n'kuboola ndi sitepula kamafuna masamba ogawika ndi 4, chifukwa pepala limodzi likapindidwa limapereka masamba anayi. Ngati fayilo ndi imodzi, munthu amatsegula pa kompyuta n'kuwonjezera tsamba ndi manja. Koma mafayilo akamalowa kudzera pa webusayiti, kapena akamatuluka mazanamazana mu pulogalamu ya sukulu kapena ya ofesi, ntchitoyi iyenera kuchitikira pa seva popanda munthu woyang'anira fayilo iliyonse. Apa m'pamene anthu amayamba kufunsa za API, khomo limene pulogalamu imodzi imatumizirapo ntchito kwa inzake, ndipo dzina limene limatchulidwa kawirikawiri ndi Gotenberg.

Gotenberg ndi pulogalamu yaulere ya laisensi ya MIT, yolembedwa mu chilankhulo cha mapulogalamu cha Go, imene imabwera ngati kontena ya Docker, phukusi limene Docker imaliyendetsa lili kale ndi zonse zofunikira. M'kati mwake muli Chromium yosandutsa HTML kukhala PDF, LibreOffice ya mafayilo a Word ndi Excel, komanso zida zogwira PDF yeniyeniyo monga QPDF, pdfcpu, PDFtk ndi ExifTool. Mumaitumizira mafayilo pa HTTP, iyo n'kukubwezerani PDF. Tinene poyambirira pomwe: Gotenberg ilibe njira yoti mungoiuza kuti "ika tsamba lopanda kanthu pambuyo pa tsamba 5". Chimene ili nacho ndi kudula ndi kulumikiza. Tsamba lopanda kanthulo mumalikonza nokha ngati fayilo ya PDF ya tsamba limodzi, kenako mumalilumikiza pamalo pamene mukufuna. Ena zimenezi zimawakhumudwitsa. Ife tikuona kuti kulumikizako imakuchita modalirika kwambiri, ndipo mavuto ambiri amene anthu amainamizira amachokera pa zinthu zitatu zimene iyo siingakuganizireni: masamba angati, aakulu bwanji, ndipo aikidwe pati.

Kuiyatsa n'kosavuta:

docker run -d --restart unless-stopped -p 127.0.0.1:3000:3000 gotenberg/gotenberg:8

Mawu awiri mu mzerewu ndi ofunika kuno kwathu. Oyamba ndi --restart unless-stopped, amene amachititsa kuti kontena idzuke yokha magetsi a ZESA akabwera kapena inveta ikazima n'kuyakanso. Achiwiri ndi 127.0.0.1, amene amatsekera Gotenberg m'kati mwa seva kuti pulogalamu yanu yokha ndiyo iziifikira. Mukangolemba -p 3000:3000 mwatsegulira aliyense amene angafike pa sevayo, ndipo Gotenberg siifunsa mawu achinsinsi pokhapokha mutaiuza kutero ndi --api-enable-basic-auth. Zimenezi si zazing'ono, chifukwa mbali ya Chromium imatha kutsegula adiresi iliyonse ya pa intaneti imene wina waitumizira, kuphatikizapo ma adiresi a m'kati mwa netiweki yanu. Ngati ntchito yanu ndi yodula ndi kulumikiza basi, tsekani mbali zinazo ndi --chromium-disable-routes komanso --libreoffice-disable-routes. Dziwani kuti powonjezera mawu otere, muyenera kuyamba mwalemba gotenberg pambuyo pa dzina la kontena, apo ayi siyaka.

Cholemetsa chake choyamba ndi kukula. Popeza yanyamula Chromium ndi LibreOffice, imadya malo oposa gigabayiti imodzi, ngakhale inu musakufuna ziwirizo. Pa seva yobwereka ya kunja zimenezi sizimveka, koma pa kompyuta ya mu shopu yodalira bandulo zimapweteka. Ikokeni kamodzi pamalo pamene pali intaneti ya fayiba, muisunge ndi docker save pa fulashi, ndipo pa makina enawo mugwiritse docker load.

Tsopano tsamba lopanda kanthulo. Gotenberg yomwe ikhoza kukukonzerani: mumatumiza fayilo ya HTML yopanda zolemba, yotchedwa index.html ndendende, ku /forms/chromium/convert/html. Pamenepa pali msampha umene umagwira anthu ambiri a kuno. Mukapanda kutchula kukula kwa pepala, imakupatsani Letter ya ku America, mainchesi 8.5 ndi 11, pomwe ife timagwiritsa A4 ya mamilimita 210 ndi 297. Mu PDF kukula kumayezedwa ndi mapoyinti, 72 pa inchi imodzi, choncho A4 ndi pafupifupi 595 ndi 842, Letter ndi 612 ndi 792, ndipo A5 ndi 420 ndi 595. Pa sikirini kusiyana kwa A4 ndi Letter munthu sangakuzindikire, makamaka tsambalo likakhala loyera. Makina osindikizira ndiwo amakuzindikira. Ena amaima pakati pa ntchito n'kuyamba kupempha pepala la Letter limene mulibe mu thireyi. Ena amaona kuti tsamba la A4 ndi la Letter sizingakhale pa pepala limodzi, ndiye amatulutsa pepala loyambalo lili ndi mbali imodzi n'kuyamba lina, motero tsamba limene munaika kuti likonze dongosolo ndilo limalisokoneza. Tumizani paperWidth=210mm ndi paperHeight=297mm, kapena 8.27 ndi 11.7 mu mainchesi, ndipo mutsimikize ndi pdfinfo, ya mu poppler-utils, kuti chatulukacho chilidi A4 ya tsamba limodzi.

Masamba amenewa akonzeni kamodzi kokha n'kuwasunga pa seva: A4 yoimirira, A4 yogona, A5, ndi A3 ngati mumaigwiritsa. Palibe chifukwa chodzutsa Chromium pa fayilo iliyonse kuti ikupatseni pepala loyera lomwe lija.

Kuwerenga masamba kumachitika ku /forms/pdfengines/metadata/read. Mumatumiza fayilo, imabweza JSON yokhala ndi PageCount. Chabwino n'chakuti mukhoza kutumiza mafayilo ambiri nthawi imodzi ndipo imayankha pa fayilo iliyonse ndi dzina lake. Chimene sitikukondwera nacho n'chakuti yankholi silikuthandizani pa kukula kwa tsamba lililonse, pomwe ndi chinthu chachiwiri chimene mukufunikira. Pa chimenecho muyenera pdfinfo -box -f 1 -l 20 kapena laibulale ya PDF mu pulogalamu yanu. Masamu ake ndi achidule. Posindikiza kutsogolo ndi kumbuyo, fayilo ikakhala ndi masamba osagawika ndi 2, onjezerani limodzi. Pa kabuku kopinda, owonjezera ndi (4 - n % 4) % 4, pamene n ndi nambala ya masamba ndipo % imapereka chotsala mukagawa. Musaiwale % 4 yachiwiriyo; popanda iyo, kabuku ka masamba 8 kamene kanali kokwanira kale kadzalandira masamba ena anayi achabe, pepala lathunthu pa kope iliyonse.

Kulumikiza ndi kumene Gotenberg imaonetsa mphamvu zake:

curl -X POST http://127.0.0.1:3000/forms/pdfengines/merge -F "files=@kalata.pdf;filename=001.pdf" -F "files=@a4.pdf;filename=002.pdf" -o zotuluka.pdf

Onetsetsani mawu akuti filename. Gotenberg siitsatira dongosolo limene mwatumizira mafayilo, imatsatira mayina awo. Mukatumiza kalata.pdf ndi a4.pdf mmene zilili, tsamba loyera libwera kutsogolo chifukwa chilembo a chimabwera k asanafike, ndipo kalata yonse isunthira kumbuyo kwa pepala. Patsani fayilo iliyonse nambala yokhala ndi ziro kutsogolo, 001, 002 mpaka 010 ndi 100, kuti dongosolo lisadalire mmene pulogalamu imasanjira 2 ndi 10. Ndipo tsamba loyera likamalowa kawiri kapena katatu mu ntchito imodzi, kulowa kulikonse kukhale ndi dzina lakelake. Mafayilo awiri a dzina limodzi alibe malo awiri mu dongosolo lodalira mayina.

Tione ntchito imene njirayi imaikwanira bwino koposa. Sukulu ku Highfield ikufuna kusindikiza malipoti a ana 300, ena a tsamba limodzi, ena awiri, ena atatu, onse mu fayilo imodzi yopita ku makina osindikiza mbali zonse. Mukawalumikiza osaika masamba oyera, lipoti la masamba atatu limasiya kumbuyo kwa pepala lachiwiri kuli mpata, ndipo makinawo amaikapo tsamba loyamba la mwana wotsatira. Kholo lina limapita kunyumba ndi dzina ndi magiredi a mwana wa eni ake, ndipo kuchokera pamenepo malipoti ambiri otsatira amasokonekera. Zimachitikanso ndi mapepala a malipiro a antchito ndi makalata a ngongole, pamene manyazi ake ndi aakulu kuposa apa. Ndi Gotenberg, mumawerenga masamba a mafayilo onse, mumatcha lipoti lililonse 0001_a.pdf, 0002_a.pdf, ndipo lililonse la masamba osagawika ndi 2 mumalitsatiza ndi tsamba loyera lotchedwa 0001_b.pdf. Palibe kudula kulikonse, masamba a malipotiwo sakhudzidwa, ndipo QPDF, imene imayamba kuyesedwa pa kulumikiza, siijambulanso tsamba. Imangosamutsa zimene zili m'katimo, choncho zilembo ndi zithunzi zimatuluka monga zinalowera. Pomaliza werenganinso masamba a fayilo yotulukayo. Ngati nambala yake siikugawika ndi 2, musaitumize ku makina.

Kuika tsamba pakati ndiye nkhani ina, ndipo m'pamene timaichotsera mamalikisi. Tibwerere ku pulogalamu ya maliro ya masamba 6 a A5: kutsogolo chithunzi cha malemu ndi masiku ake, m'kati mbiri ndi nyimbo, tsamba lomaliza mawu othokoza a banja, limene liyenera kukhala chikuto chakumbuyo. Pakufunika masamba 8. Mu kabuku ka masamba 8, pepala lakunja limanyamula 8 ndi 1 mbali imodzi, 2 ndi 7 mbali ina. Lam'kati limanyamula 6 ndi 3, kenako 4 ndi 5. Mukangoponya masamba awiri oyera kumapeto, monga mmene mapulogalamu ambiri osanja timabuku amachitira okha, mawu othokoza aja atsala pa tsamba 6, m'kati mwa kabuku, ndipo munthu akatembenuza kabukuko pa siwa apeza kumbuyo kuli mbee. Banja limene lalipira limaona msanga. Malo oyenera ndi kuseri kwa zikuto: tsamba loyera limodzi likhale lachiwiri, lina lachisanu ndi chiwiri, kapena onse awiri abwere tsamba lomaliza lisanafike.

Kuti muchite zimenezi mu Gotenberg muyenera kudula kaye. Mitundu yatsopano ya 8 ili ndi /forms/pdfengines/split, imene imalandira splitMode=pages, splitSpan monga 2-5, ndi splitUnify=true kuti masambawo abwere mu fayilo imodzi. Mukasiya splitUnify mulandira ZIP ya masamba osiyanasiyana, ndipo pulogalamu yanu ikaisunga ngati PDF mudzadabwa kuti fayilo siikutseguka. Pa kabuku kathu kaja mudula katatu, tsamba 1, masamba 2-5 ndi tsamba 6, kenako mulumikize zidutswa zisanu. Kuphatikiza ndi kuwerenga masamba, fayilo imodzi yapita ku Gotenberg kasanu. Ngati pulogalamu yanu ndi Gotenberg zili pa seva imodzi, nthawi yake siimveka. Ngati Gotenberg ili pa seva ya ku Johannesburg kapena ku Ulaya pomwe pulogalamu ili mu shopu ku Graniteside, fayilo ya zithunzi ya ma megabayiti 40 iwoloka malire mobwerezabwereza, ndipo netiweki ikaduka pa ulendo wachinayi mumayambanso. Ziikeni pamodzi.

Kudula ndi kulumikiza kuli ndi mtengo winanso umene suoneka pa pepala. Fayilo yotulukayo ndi yatsopano, yomangidwa ndi masamba ochokera mu zidutswa. Zinthu zimene sizikhala pa tsamba koma pa fayilo yonse, monga ma bookmark a m'mbali, manambala apadera a masamba ngati i, ii, iii a mawu oyamba, ndi mutu wa fayilo, kawirikawiri zimatsala m'njira. Maulalo a pa ndandanda ya zam'kati amene amalumphira ku mutu 3 amafa ngati mutu 3 unagwera mu chidutswa china. Chidutswa chilichonse chimanyamulanso mafonti akeake, ndiye fayilo imanenepa. Kwa wosindikiza zonsezi zilibe kanthu, pepala silidziwa bookmark. Koma wophunzira wa ku University of Zimbabwe amene akufuna kuti mutu uliwonse wa dizeteshoni yake uyambire kudzanja lamanja, ndipo fayilo yomweyo akaipereke ku dipatimenti, adzabwezeredwa chinthu chopanda mafupa. Pa ntchito ngati imeneyo tulutsani mafayilo awiri, yosindikiza ndi yopereka, kapena mugwiritse njira ina imene titchule pansipa.

Mafomu odzaza pa kompyuta nawo amafuna maso. Mafomu awiri ochokera pa chikombole chimodzi ali ndi mabokosi a mayina ofanana, ndipo mu PDF mabokosi a dzina limodzi amatengedwa ngati bokosi limodzi. Zida zina zimasintha mayinawo polumikiza, zina ayi, ndiye mukhoza kupeza dzina la munthu woyamba likuonekera pa mafomu onse. Njira yotetezeka ndi kuwaphwatalatitsa musanalumikize, kuti zolembedwazo zisanduke mbali ya tsamba.

Pa mafayilo osainidwa ndi siginecha ya dijito palibe chida chimene chingakupulumutseni, ndipo si vuto la Gotenberg. Siginecha yotere imamangidwa pa mabayiti a fayilo mmene analili pa nthawi yosaina. Kulumikiza kumalemba fayilo yatsopano, motero siginechayo imatayika kapena imaonekera kuti ndi yosavomerezeka. Fayilo yokhala ndi tsamba loyera ikhale yopita ku makina osindikizira basi, yoyambirirayo muisunge osaikhudza. Mafayilo otsekedwa ndi mawu achinsinsi, monga masitetimenti ena a ku banki, amakanika kulumikizidwa; atsegulidwe kaye ndi qpdf --decrypt --password= pogwiritsa mawu amene mwini wake wapereka. Pulogalamu yanu izindikire fayilo yotsekedwa pa khomo pomwe n'kumuuza kasitomala momveka, m'malo momusiya akuyang'ana uthenga wa cholakwika cha seva. Komanso njira ya merge imalola kupempha PDF/A, mtundu wa PDF wosungira zikalata kwa nthawi yaitali, koma kusandutsako kumadutsa mu LibreOffice, imene imatha kusintha maonekedwe a zilembo ndi mizere. Ngati palibe amene wakulamulani PDF/A, isiyeni.

Mafayilo ochokera mu sikana ndi mu mafoni ali ndi khalidwe lawolawo. Tsamba likhoza kukhala ndi MediaBox (muyezo wa tsamba wolembedwa mu PDF) ya 595 ndi 842, yoimirira, koma lili ndi Rotate (madigiri olitembenuzira) ya 90, ndiye pa sikirini limaoneka logona. Pulogalamu imene imangowerenga MediaBox idzasankha tsamba loyera loimirira pakati pa masamba ogona. Pa kusindikiza wamba zimadutsa, koma pulogalamu yosanja kabuku imatha kuchepetsa kapena kutembenuza masamba oyandikana nalo pofuna kuti onse akwane. Werengani Rotate pamodzi ndi MediaBox. Pdfinfo imaonetsa zonse ziwiri. Mapulogalamu osikana a pa foni amatulutsanso masamba a kukula kosadziwika, tsamba lililonse ndi muyezo wake malinga ndi mmene munthu anadulira chithunzi. Pamenepo palibe tsamba loyera losungidwa limene lingafanane nawo, ndipo chanzeru ndi kuyamba mwakwanitsa masamba onse pa A4, tsamba loyera libwere pambuyo. Mafayilo a okonza zithunzi amene ali ndi mpata wodulira wa mamilimita 3 mbali zonse amakhala ndi TrimBox ndi BleedBox, miyezo yoonetsa podulira ndi pothera mpatawo; tsamba loyera la Chromium lilibe zimenezo, choncho pa ntchito yopita ku makina aakulu a ku Msasa kapena Workington pemphani wokonzayo atulutse tsamba loyera kuchokera mu fayilo yake yomweyo.

Zolakwika za netiweki ndi zitatu zimene zimabwerabwera, ndipo ziwiri mwa izo si za Gotenberg. Mukaika nginx (pulogalamu yolandira mapempho n'kuwapereka ku Gotenberg) patsogolo, iyo imakana chilichonse choposa megabayiti imodzi pokhapokha mutakweza client_max_body_size, ndipo imayankha 413. Kalata wamba imadutsa, pulogalamu ya maliro yokhala ndi zithunzi imakanidwa, munthu n'kumaganiza kuti vuto ndi zithunzizo. Gotenberg payokha imadikira masekondi 30 pa pempho lililonse, ikapitirira imayankha 503; kwezani ndi --api-timeout=120s. Mukatero kumbukirani kuti nginx nayo imadikira masekondi 60 okha pa proxy_read_timeout isanayankhe 504, ndiye mukweze zonse ziwiri. Malipoti 300 aja ndi bwino kuwalumikiza m'magulu a 50, gulu lililonse litsimikizidwe kuti masamba ake akugawika ndi 2, kenako magulu asanu ndi limodziwo alumikizidwe. Gulu limodzi likalephera mumadziwa pofufuza. Pa ntchito zazitali pali njira ya webhook: mumatumiza Gotenberg-Webhook-Url ndi Gotenberg-Webhook-Error-Url, iyo imayankha nthawi yomweyo n'kudzatumiza fayilo ikamaliza. Ndi yabwino, koma imafuna kuti pulogalamu yanu ikhale ndi khomo lolandirira limene Gotenberg ingalifikire, ndipo pa kulumikiza wamba nthawi zambiri simufika poifuna. Chinthu chaching'ono chimene timachiyamikira ndi Gotenberg-Trace, nambala imene imatsagana ndi pempho lililonse mpaka mu ma log, moti kasitomala akadandaula za fayilo ya dzulo mumaipeza msanga. Palinso /health yoti pulogalamu yanu izifunsa isanatumize ntchito.

Nanga bwanji osangolipira kampani ya kunja yokhala ndi API yake? Zilipo zambiri, ndipo zina zimaika tsamba pamalo pamene mwatchula ndi pempho limodzi, popanda kudula nokha. Adobe PDF Services, mwachitsanzo, ili ndi njira yolowetsa masamba a fayilo ina pakati pa fayilo yanu. Kwa munthu wa ku Harare pali zinthu ziwiri zoganizira. Choyamba, malipiro a makampani otere kawirikawiri amafuna khadi ya Visa kapena Mastercard yokhala ndi madola a America, pomwe makasitomala ambiri a shopu amalipira pang'onopang'ono ndi EcoCash kapena ndalama za m'manja. Khadi ikakanidwa, ntchito yaima. Chachiwiri ndi chachikulu: malipoti a ana, mapepala a malipiro ndi makalata a chipatala ndi zinsinsi za anthu, ndipo Zimbabwe ili ndi lamulo la Cyber and Data Protection Act la 2021, loyang'aniridwa ndi POTRAZ (bungwe la boma loona za mafoni ndi mauthenga), limene limakhudzanso kutumiza zinthu zotere kunja kwa dziko. Kutumiza lipoti la mwana kutsidya kwa nyanja kuti akaliwonjezere pepala loyera n'kovuta kukufotokozera makolo. Gotenberg imagwira pa makina anu, ilibe nkhokwe yosungira mafayilo, ndipo imafufuta zimene yalandira pempho likatha. Intaneti ikaduka, ya mu shopu imapitiriza kugwira. Pa mfundo imeneyi timaiika patsogolo pa zolipira zonse.

Komabe tisakunamizeni kuti ndi yoyenera aliyense. Ngati ntchito yanu yonse ndi kuika masamba oyera, ndipo seva yanu ili kale ndi Python, laibulale ya pypdf imachita zonsezi m'mizere yochepa: mumatsegula ndi PdfWriter(clone_from="buku.pdf"), mumawerenga kukula kwa tsamba loyandikana, mumaitana insert_blank_page ndi width, height ndi index, n'kulemba fayilo. Palibe kudula, ma bookmark ndi maulalo amakhalapo, ndipo tsamba loyera limatenga muyezo weniweni wa mnzake. Chenjerani kuti index imayambira pa 0, ndipo mukamaika masamba angapo yambirani kumapeto kubwerera kutsogolo, chifukwa tsamba lililonse lolowa limakankha manambala a otsatira. A Java ali ndi Apache PDFBox, imene PDPage yake yopanda muyezo imatulukanso Letter, choncho tchulani PDRectangle.A4. A Node ali ndi pdf-lib ndi insertPage. Kukulunga chimodzi mwa izi mu API yanu yaing'ono ndi ntchito ya tsiku limodzi kwa wodziwa, ndipo sikufuna gigabayiti. Gotenberg imapindula pamene mafayilo akubwera osakanikirana, wina Word, wina Excel, wina HTML ya invoisi, ndipo mukufuna khomo limodzi lowasandutsa onse PDF, kuwawerenga ndi kuwalumikiza, kapena pamene mapulogalamu anu ndi a zilankhulo zosiyana, PHP apa, C# apo, ndipo simukufuna laibulale ya PDF mu iliyonse. Ambiri amene amazidziwa amaphatikiza: Gotenberg isandutse ndi kulumikiza, pypdf iike masamba a pakati.

Chatsala ndi makina osindikizira enieniwo, amene angathe kufafaniza ntchito yonseyi. Madiraiva ambiri ali ndi batani lodumpha masamba opanda kanthu pofuna kusunga mapepala, ndipo mu maofesi ena limakhala loyatsa kale. Likakhala loyatsa, masamba amene mwaika mosamala aja amachotsedwa, malipoti n'kukweranso pamsana pa anzawo ngati simunachite kalikonse. Lizimitseni mu diraiva komanso pa makina penipeni, popeza ena ali nalo malo onse awiri. Ngati fayilo ikupita kwa wosindikiza wina amene makina ake simukuwadziwa, tsambalo lisakhale loyera kotheratu: lembani pansi pake ndi zilembo zazing'ono zakuda kuti "Tsamba ili lasiyidwa dala", monga mmene mapepala a mayeso amachitira. Makina saliyesanso lopanda kanthu, ndipo wowerenga sadandaula kuti china chake chasowa. Apa ndi pamene Chromium ya mu Gotenberg imathandizadi, chifukwa mzerewo mumangoulemba mu index.html, ndipo mukhoza kusunga masamba atatu, la Chichewa, la Chishona ndi la Chingelezi, pulogalamu izisankha malinga ndi fayilo. Zilembozo zikhale zakuda zenizeni osati zotuwa zosakaniza mitundu, kuti makina obwereka amene amawerenga tsamba lililonse asaliwerenge pa mtengo wa kala. Pa kabuku ka maliro kapena ka ukwati mawu oterewa sayenera. Pamenepo m'malo mwa tsamba loyera ikani la mizere yolembapo, kapena funsani banja ngati lili ndi nyimbo ina kapena chithunzi china chodzaza malowo.

Musanatumize makope 200, sindikizani imodzi pa makina omwewo ndi diraiva yomweyo, muipinde, muwerenge masamba kuyambira pa chikuto mpaka kumbuyo, ndipo muonenso ngati mwasankha kutembenuzira pepala ku mbali yaifupi, chifukwa kabuku ka A5 kosanjidwa pa A4 yogona kakatembenuzidwira ku mbali yaitali, masamba a kumbuyo onse amatuluka chadodolido.